Wina ndi nzika, wina ali ndi PRP: za viza musanagule tikiti ya holide

Pa shopu yanga pano pa Chitakale timapanga fotokope, kupulinta, kujambula tizithunzi ta pasipoti komanso kudzazira anthu mafomu a pa intaneti, ndiye funso limodzi ili landipeza kambirimbiri moti pakamwa pafika pouma. Amabwera mayi wa kuno kwathu amuna awo ndi a ku India amagwira ku esiteti ya tiyi, kapena bambo wa ku Limbuli akazi awo kwawo ndi kuseri kwa Muloza uko, penanso ndi mphwanga wina ali ku Joni kapena ku Manchester akuimba pa WhatsApp usiku, onsewo funso lake ndi lomwelo: "Achimwene, poti ife ndi banja ndipo mnzangayu mapepala okhalira ali nawo, ndiye kuti tikamapita ku holide viza safunikanso eti?" Ndaganiza ndingolemba kamodzi, wina akafunsanso ndizingomutumizira izi.

Yankho lake lalifupi ndi loti viza imatsata pasipoti yomwe munthu wanyamula. Sitsata ukwati, sitsata komwe mumagona, sitsata zaka zomwe mwakhala limodzi olo ana atakhala asanu. Wapaboda akakulandirani amatsegula kabuku kanu payekha, ka akazi anu payekha, ndipo akhoza kulowetsa mmodzi wina nkumubweza pomwepo inu mukuona.

Tiyambe tamvana mawu chifukwa ambiri amasokoneza apa. PRP ndi pemiti yomwe a Immigration amapereka kwa munthu wakunja kuti azikhala m'Malawi mpaka kalekale. Ndi yosiyana ndi TEP yomwe ndi ya ntchito ndipo imatha, ndi yosiyananso ndi BRP ya anthu a bizinesi. Ku America chofanana nacho ndi green card, ku UK amati ILR, ku South Africa amangoti PR. Zonsezi zimakupatsa ufulu wokhala m'dziko lomwe lakupatsalo basi, sizikusandutsa nzika, pasipoti yako imakhalabe ya kwanu komwe unabadwira. Ndipo ndinene mosabisa kwa abale anga a m'mbali mwa boda: kukhala pa chikamwini ku Mulanje zaka 20, kulima chinanazi, kukhala mkulu wa mpingo, amfumu kukudziwani bwinobwino, zonsezo si PRP. Ngati simunapiteko ku Immigration nkupatsidwa pepala ndiye kuti mulibe, ndipo nkhani yanu iyambire pamenepo, osati pa holide.

1. Ikani mapasipoti onse patebulo, ndi a ana omwe

Musayambe ndi kufunsa mtengo wa ndege. Tulutsani timabuku tonse muone zinthu zitatu, dziko lomwe linapereka, tsiku lothera, ndi masamba opanda chidindo omwe atsala. Mayiko ambiri amafuna pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe. A ku Ulaya a gulu la Schengen amafuna ikhale ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke kwawoko, ikhale yoti inaperekedwa m'zaka 10 zapitazi, komanso masamba awiri oyera. South Africa imafuna masiku 30 kuchokera tsiku lotuluka, nayonso masamba oyera imawafuna. Anthu a geni omwe amadutsa pa Mwanza mwezi ndi mwezi masamba amawathera msanga kuposa zaka, ndiye werengani ndi chala, osangoganizira.

Ya Mmalawi ikakhala kuti yatsala pang'ono, yambani nayo lero. Tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pomwe kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo anthu maulendo nkuwafera m'manja. Ya mnzanu wakunjayo ndiye imachedwa kuposa apo chifukwa imadutsira ku ofesi ya kazembe wa dziko lake, mwina ili ku Lilongwe mwinanso ofesiyo kuno kulibe.

2. Munthu aliyense mumufunsire payekha

Tengani pepala mulembe dziko lomwe mukupita, pansi pake dzina la aliyense ndi mtundu wa pasipoti yake, kenako mufufuze mmodzimmodzi. Kofufuza ndi pa webusayiti ya boma la dzikolo kapena kuimbira ku ofesi ya kazembe wawo, osati kwa mlamu wanu yemwe anapita 2017.

Ndipereke zitsanzo kuti muone mmene zimapotokera. Pasipoti ya Malawi imalowa South Africa popanda viza kwa masiku 30. Amuna anu ngati ali ndi ya India, Pakistan, Sri Lanka kapena Nigeria akufunika viza asananyamuke, PRP ya Malawi siwachotsera zimenezo olo pang'ono. Koma akakhala a ku Kenya, chiyambire Januwale 2023 amalowa opanda viza mpaka masiku 90, a ku Zimbabwe nawonso ndi 90, ndiye apa mwaona kuti wochepekedwa masiku ndi inuyo Mmalawi, osati mlendoyo. Banja likakonza zokakhala masabata asanu ndi limodzi ku Durban poti bambo ali ndi 90, mayi ndi amene akapezeke atapyola masiku.

Kwa inu muli kunja ndi chimodzimodzi kungoti zatembenuka. Mmalawi wa ILR akazi ake ndi Mbritishi, akufuna kukaothera dzuwa ku Spain: mayiwo amangonyamuka, iyeyo akufunika viza ya Schengen, ndipo chichokereni UK mu EU ukwati ndi Mbritishi suthandizanso kalikonse kumbali imeneyo. Wa green card naye akafuna ku Paris ndi viza basi.

Zilipo zochepa zomwe pemiti yokhalira imatsegula chitseko, ndipo ndi zimenezi zomwe zimasokoneza anthu chifukwa amamva nkhani ya wina nkuyesa ndi lamulo la aliyense. Green card imakulowetsa ku Canada ndi ku Mexico popanda viza bola pasipoti ili yamoyo. Pemiti yokhalira ya dziko la Schengen, tinene Germany, imakulola kuyenda m'mayiko ena a gululo masiku 90 pa masiku 180 alionse, koma UK ndi Ireland sali m'gulumo. Mmwenye yemwe ali ndi green card amatha kupatsidwa viza pofika ku Dubai. Ndipo ngati akunyumba ndi nzika ya dziko la EU ndipo mukupitira limodzi ku dziko lina la EU lomwe si kwawo, viza imafunikabe kwa Mmalawi wochokera kuno koma siyolipira ndipo amaifulumizitsa. Taonani bwino mndandandawu, onsewo ndi mapepala a mayiko olemera. PRP yathu ya Malawi ntchito yake ndi ina, ndifotokoza pa nambala 4.

Amene mukubwera kuno kumudzi ndi akazi kapena amuna achizungu, musaiwale kuti tsopano mlendo ndi iwowo. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa mayiko 79 kuphatikizapo UK ndi America, koma zinthu ngati izi boma limazitembenuza nthawi iliyonse, ndiye muone za a Immigration mwezi womwe mukugula tikitiwo.

3. Lembani dziko lililonse lomwe phazi liponde, olo mukungodutsa

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimapsera. Munthu amatenga viza ya komwe akupita nkuiwala njira.

Basi ya ku Joni ikachoka ku Blantyre imatulukira pa Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge. Amenewo ndi mayiko atatu, osati limodzi. Inu Mmalawi mumangodinditsa nkumapita ndiye simuganizako nkomwe, koma mnzanu wa pasipoti ya kutali ayenera kufufuziridwa Mozambique payokha, Zimbabwe payokha, South Africa payokha, ndiponso aone ngati viza yake ndi yolowera kamodzi kapena kangapo chifukwa pobwerera mudutsanso momwemo. Kondakitala sadikira munthu mmodzi pa Zobue basi yonse itadinditsa, amangotsitsa chikwama. Kwa banja lotere nthawi zambiri ndimati kwerani ndege pa Chileka, ukawerengetsa ma viza awiri odutsira ndi maulendo okawatenga kusiyana kwake sikukhala kwakukulu monga mmene anthu amaganizira.

Pa ndege napo pali kamsampha. Mukagula tikiti imodzi yonse, katundu amadutsa yekha inu nkungokhala mkati mwa eyapoti ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg kudikira ndege ina. Koma mukagula matikiti awiri osiyana poti zatchipa pa intaneti, nthawi zambiri mumayenera kutuluka, kutenga chikwama, nkuchekinso kachiwiri, ndiye kutulukako ndi kulowa m'dziko, wofunika viza wagwidwa pamenepo. Ku America kulibiretu zoti ndangodutsa, olo mukungosintha ndege viza imafunika. Ku London pasipoti ya Malawi ndi ya India zili pa mndandanda wa ofunika viza yodutsira olo usatuluke mu eyapoti, pokhapokha ngati uli ndi mapepala ena omwe iwo amavomera monga viza ya America kapena Canada pa ulendo wopita kumeneko.

Ndipo dziwani kuti woyamba kukukanizani si wa Immigration wa uko ayi, ndi mtsikana kapena mnyamata wa pa kauntala ya ndege konkuno. Ali ndi sisitimu yotchedwa Timatic, amalowetsamo mtundu wa pasipoti ndi njira yanu, ikanena kuti viza ikufunika sakukwezani, chifukwa kampani ikanyamula munthu wopanda mapepala imalipitsidwa chindapusa nkumubwezanso pa ndalama zake. Kumuuza kuti "koma ndi amuna anga awa" sikusintha zomwe zili pa kompyuta.

Za boda pasi ya pa Muloza ndingodutsapo: imeneyo ndi yokagulira zinthu pa Milange nkubwerera, musakonzere holide ya kunyanja ya mchere ku Quelimane pa kapepala kameneko.

4. PRP ikhale yooneka, ndipo ikhale yamoyo

Ntchito ya PRP pa ulendo ndi ziwiri. Yoyamba, ndi imene imapatsa mnzanu ufulu wopempha viza ali konkuno. Maofesi a kazembe amalandira fomu ya munthu yemwe akukhala movomerezeka m'dera lawo, ndiye Mmwenye akapita ku Lilongwe kukapempha viza ya South Africa kapena ya ku Ulaya funso loyamba ndi loti mukukhala bwanji m'Malawi muno. Akalephera kuonetsa amamuuza kuti kapempheni kwanu. Yachiwiri, ndi imene imamubweretsa kunyumba. Anthu amaiwala kuti pobwerera pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport inu mukulowa kwanu koma iyeyo akulowa dziko la eni, ndipo a ndege ku Dubai kapena Mumbai asanamukweze adzafuna umboni woti Malawi imulandira.

Cholakwika chomwe ndachiona kangapo ndi ichi: chidindo cha pemiti chili mu pasipoti yakale yomwe inatha, munthu wapangitsa yatsopano, yakaleyo waisiya mu sutikesi ku Thyolo. Pitani ku Immigration ku Blantyre musananyamuke mukafunse zosamutsira chidindocho mu yatsopano, ndipo olo zitatheka nyamulanibe zonse ziwiri pamodzi ndi pepala lenileni la pemitiyo. Khadi ya NRB ya anthu akunja okhala kuno nayonso ikhale m'chikwama, koma payokha si chiphaso choyendera.

Pemiti zimenezi dzina lake ndi lamuyaya koma zimafa ukakhalitsa kunja. ILR imatha ukakhala kunja kwa UK zaka ziwiri zotsatizana. Green card ukapyola chaka uli kunja popanda pemiti yobwererera wadziika m'mavuto. PR ya South Africa ikhoza kulandidwa ukasowa zaka zitatu. Holide ya masabata awiri sikhudzidwa, koma ndikudziwa mmene zimakhalira, munthu wabwera ku maliro, kenako akumanga nyumba ku Luchenza, kenako mayi adwala, chaka chatha osazindikira. Wa PRP ya Malawi yemwe akukakhalitsa kwawo akafunsiretu ku Immigration asanapite kuti angakhale kunja nthawi yaitali bwanji. A ku UK inu, makhadi aja oonetsa pemiti yokhalira kumeneko, omwe nawonso amati BRP koma si ya bizinesi ya kuno ija, anatha pa 31 Disembala 2024, pano ndi eVisa ya pa intaneti, onetsetsani kuti pasipoti yomwe mukuyendera ndi yomwe yalumikizidwa ku akaunti yanu, mukasintha pasipoti mukasinthenso kumeneko musanakwere.

5. Umboni wa ukwati ndi nkhani ya maina

Iyi ndiye sitepe yomwe malangizo a pa intaneti amangolemba mzere umodzi kuti bweretsani satifiketi ya ukwati, ngati kuti aliyense ali nayo mu diloo. Kuno kwathu si choncho. Mabanja ambiri a ku Mulanje ndi Thyolo anamangidwa pa chinkhoswe, ankhoswe a mbali zonse anakumana, nkhuku inadyedwa, mudzi wonse ndi mboni, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limauvomereza ukwati wa chikhalidwe ngati ukwati weniweni. Vuto ndi loti wa ku ofesi ya kazembe sangaimbire ankhoswe anu. Iye akufuna pepala la boma lokhala ndi chidindo, maina awiri ndi tsiku.

Mwina mufunsa kuti nanga poti wanena kuti viza sitsata ukwati, pepalali ndi la chiyani? Ndi la izi. Ngati mmodzi ndi amene akulipira ulendo wonse, satifiketi ndi imene imafotokoza chifukwa chomwe ndalama za munthu wina zikuwerengedwera pa fomu ya mnzake. Ngati mukufuna mwayi uja wa banja la nzika ya EU, popanda satifiketi palibe nkhani. Ndiponso kwa mlendo yemwe akupempha ali kuno, mkazi kapena mwamuna wa Chimalawi ndi umboni waukulu woti ali ndi chomubwezera ku Malawi.

Ndiye ngati munangopanga chinkhoswe, pitani ku ofesi ya DC pa boma mukafunse zolembetsa ukwati wanu, mutenge ziphaso zanu ndi mboni. Ngati munadalitsa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, tulutsani pepala lija mulione bwino ngati ndi satifiketi ya boma kapena ndi kakhadi ka mpingo chabe kokongoletsa ndi maluwa, chifukwa ambiri amasunga kachiwirika mu fulemu pakhoma nkumayesa ndi kokwanira. Mukakayika kafunseni kwa DC kapena ku ofesi ya Registrar General. Ndipo musalembetse ukwati Lolemba nkukapereka fomu ya viza Lachinayi popanda kufotokoza kalikonse, satifiketi ya masiku atatu pa banja loti lili ndi mwana wa Fomu 2 imadabwitsa. Lembani kakalata kachidule kuti tinakwatirana mwa chikhalidwe chaka chakuti, talembetsa ku boma tsiku lakuti, muikepo ma satifiketi a kubadwa a ana pomwe pali maina a nonse awiri. Zoona zake zokhazokha, osawonjezera mchere.

Ukwati ukakhala kuti unachitikira kunja, tinene ku Mozambique pepala lili m'Chipwitikizi, lifunika limasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka, osati mwana wanu poti amachimva. Maofesi ena amafunanso chidindo chotsimikiza kuti pepalalo ndi lenileni, chija amati apostille, ndiye funsani msanga chifukwa chimadya masabata.

Tsopano maina. Apa ndimachita kukhala pansi ndi lula kumayerekeza chilembo ndi chilembo. Bambo pa pasipoti ya ku Mozambique ndi José, ku mpingo analemba Zuze, pa satifiketi ya mwana pali Joseph. Kwa ife tonse ndi munthu mmodzi, kwa ofesala ndi anthu atatu. Mayi pa pasipoti ali ndi dzina la bambo awo, ku banki anasintha nkuika la amuna awo, pa chiphaso cha NRB pali onse awiri. Ndiye pali L ndi R wathu uja, wina analemba Flora wina Frola, komanso masiku obadwa, ambiri akuluakulu anangopatsidwa 1 Januwale pa pepala lina pomwe pepala lina pali tsiku lenileni. Lamulo langa pa shopu ndi loti pasipoti ndiye mfumu, fomu ya viza, tikiti, buking'i ya hotelo ndi inshulansi zonse zilembedwe ndendende mmene zilili mu pasipoti olo mutadziwa kuti pasipotiyo ndi imene inalakwitsa. Mapepala ena omwe akusiyana nayo mupite kwa loya kapena ku khoti kwa majisitireti mukalumbire afidaviti yonena kuti maina onsewa ndi a munthu mmodzi. Ndipo amayi omwe mwangokwatiwa kumene, chonde tikiti musagule pa dzina la amuna anu pomwe pasipoti ikadali ya dzina lakale, ndinaonapo hanimuni ikuchedwa sabata yathunthu chifukwa cha chikondi choterechi, kusintha dzina pa tikiti kunadya ndalama zomwe akanadyera kunyanja.

6. Ndalama ndi zokubwezani kumudzi

Ofesala wa viza mumtima mwake ali ndi funso limodzi, munthuyu adzabwerera? Ndiye muonetseni. Kalata ya kuntchito yonena udindo, malipiro ndi masiku a tchuthi. Wa bizinesi, satifiketi yolembetsera ndi za msonkho ku MRA. Sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu, ena amafuna isanu ndi umodzi, yodindidwa ndi banki.

Chomwe musachite ndi kubwereka ku banki m'khonde kapena kwa alamu nkuthira mamiliyoni mu akaunti sabata imodzi musanapereke fomu. Akaunti yomwe imayenda ndi timasauzande nkudzidzimuka yatupa imaoneka patali. Ngati ndalamayo ndi yoona, mwagulitsa nandolo kapena mwalandira bonasi, ikanipo umboni wake. Ambiri kuno geni yathu imayendera pa Airtel Money ndi Mpamba, sitetimenti yake ikhoza kuthandizira koma yambani miyezi ingapo kale kumadutsitsa ndalama ku banki kuti mbiri ioneke. Ngati wolipira ndi mnzanu, alembe kalata yosaina, aikepo sitetimenti yake ndi kope ya pasipoti yake.

Za Schengen manambala ake ndi awa: viza ndi 90 euro kwa wamkulu chiyambire Juni 2024, inshulansi ya zaumoyo yosachepera 30,000 euro, fomu mukhoza kupereka miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike ndipo musachedwe kupyola masiku 15 ulendo usanachitike. Mumapempha ku dziko lomwe mukakhalitse masiku ambiri. Akakukanani ndalama sibwerera. Mayiko ena alibe ofesi kuno, mafomu awo amalandiridwa ndi dziko lina kapena mumayenera kupita ku Lusaka, Harare kapena Pretoria, ndipo apa mubwererenso pa nambala 2, chifukwa mnzanu wakunjayo mwina afunika viza yopitira komwe akukapempha vizako. Za America, mu Ogasiti 2025 anayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa a pasipoti ya Malawi ndi Zambia opempha viza yokacheza, ndipo malamulo awo akusinthasintha, ndiye apa Mmalawi akhoza kukhala pa mpanipani kuposa mnzake wakunja.

Tikiti yosabweza ndalama musagule viza isanatuluke. Pangani buking'i yongosungitsa malo. Za forex nazo muyambe msanga, ku banki amafuna pasipoti ndi tikiti ndipo madola sapezeka tsiku lomwe mwawafuna.

Madobadoba, anyamata aja amaima panja pa maofesi nkumati bwana ndikuthamangitsirani, pa viza alibe mphamvu ina iliyonse. Choopsa kwambiri ndi oti amakupangirani sitetimenti kapena kalata ya ntchito yabodza, a UK akagwira chinyengo chiletso chake chimafika zaka 10, ndipo dzina loipa limakhala pa inu osati pa iye. Ine ndemwe ndimangodzaza zomwe mwandiuza ndipo ndimakuwerengerani musanasaine.

7. Ana

Mwana naye amayendera pasipoti yake. Chisinthireni lamulo la unzika mu 2018 Malawi imalola unzika wa mayiko awiri, ndiye mwana wina amakhala ndi timabuku tiwiri, sankhani kamene kakuphweketsa ulendowo koma viza ikhale mu komwe aonetse pa boda. Yemwe ndi nzika ya South Africa akakwanitsa zaka 18 ayenera kutuluka ndi kulowa m'dzikolo pa pasipoti ya South Africa. Nyamulani satifiketi ya kubadwa yoonetsa makolo onse awiri, ndipo ngati kholo limodzi latsala, kapena bambo abwerera msanga ku ntchito mayi nkutsala ndi ana, pakhale kalata yolumbira ya chilolezo ndi kope ya pasipoti ya yemwe palibeyo.

8. Tina ndi tina ta pa ulendo

Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever: Malawi si dziko la matendawa, koma Kenya ndi Ethiopia ali pa mndandanda, ndiye mukakhalako kapena kudikira ndege maola opyola 12 mayiko ngati South Africa adzaifuna. Katemerayu ndi kamodzi moyo wonse chiyambire 2016, koma abayidwe masiku 10 musanafike. Opita ku Zanzibar, mu Okutobala 2024 anayamba kufuna kuti alendo azigula inshulansi yawo, yomwe pa nthawiyo inali madola 44.

Mapepala a mnzanu akhale m'manja mwake, osati onse mu handibagi ya mayi, chifukwa pa eyapoti mizere imasiyana, nzika uku alendo uko, ndipo foni ilibe netiweki. Aliyense akhale ndi kope ya tikiti yobwerera, adiresi ya komwe mukagone, ndi kope ya pasipoti ya mnzake.

Akangodinda, musachoke pa kauntala musanawerenge masiku omwe alemba, aliyense ake. Si nthawi zonse amapereka onse 30, ndipo akhoza kukupatsani osiyana inu awiri. Ku South Africa ukapyola ndi masiku osakwana 30 amakuletsa kulowa chaka chimodzi, ukapyola kuposa apo ndi zaka zisanu, ndipo zoti amuna anga anali ndi masiku ambiri samva.

Amene mukufuna tidzadzazire limodzi pa shopu, bwerani nonse awiri ndi mapasipoti enieni kuphatikizapo akale aja, osati zithunzi za pa foni zojambulidwa usiku. Mubwere m'mawa magetsi asanathime, fomu ya Schengen ya anthu awiri imatitengera pafupifupi mpaka nkhomaliro, ndipo imelo ikhale yanuyanu yomwe pasiwedi yake mukuikumbukira chifukwa mayankho onse adzabwerera kumeneko.